Mapadi opolishira akuwonongeka msanga, komanso ndigule kompuresa yanji kuno ku Joni?

Wa ku Ntcheu (Rosettenville)

Moni akuluakulu nonse, abambo ndi amayi amene mumadalira ntchito ya magalimoto kuno ku Joni. Ndabwera ndi mafunso awiri, mundipirire chifukwa ndifotokoza motalikirapo.

Ine ndimatsuka ndi kupolisha magalimoto ku Rosettenville, pabwalo la kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi. Makasitomala anga ambiri ndi anyamata oyendetsa Uber ndi Bolt, choncho zimene zimandipeza kawirikawiri ndi ma Polo, ma Corolla Quest ndi tima Suzuki tating'onoting'ono tija. Mwa apo ndi apo kumabwera Quantum, mwini wake akafuna kuiwalitsa asanaigulitse. Ndili ndi makina opolishira amagetsi, aja amati DA, ozungulira uku akugwedezeka, ndi mapadi atatu a siponji: yolimba yodulira, yapakati, ndi yofewa yomalizira.

Funso loyamba ndi ili. Ndikayamba galimoto, boneti imatuluka bwino kwambiri. Koma pofika pa zitseko zakumbuyo, padi yodulira ija imakhala italemera, pankhope pake patagwira zinthu zotuwa zonata, polishi akungogwa fumbi, ndipo timizere tozungulira tija sitichokanso ngakhale ndikanikize bwanji. Padi imatentha moti dzanja silingakhalitsepo. Panopa velcro ya kumbuyo yayamba kumatuka m'mbali, chonsecho padiyo ndi yatsopano ndithu. Madzulo ndimaiviika m'madzi a m'ketulo ndi sopo waufa, m'mawa n'kuifinya kwambiri, n'kuiyanika padenga la malata kuti iume msanga. Kodi kachapidwe kake n'kameneka, kapena mapadi otchipa ndi mmene amakhalira?

Lachiwiri ndi la zida za mpweya. Ndasunga R7,000. Mnzanga amene amagwira ntchito kwa panel beater ku Booysens akundiuza kuti ndigule kompuresa ya malita 50, kenako makina opolishira a mpweya, Tornador (mfuti ya mpweya yokhala ndi fanulo kutsogolo, yopopera mankhwala otsukira mkati mwa galimoto) ndi kamfuti kouzira fumbi. Iye akuti zida za mpweya n'zopepuka m'manja ndipo zilibe mota yoti ipse. Pa Facebook Marketplace ndaona yatsopano ya malita 50, komanso ina yakale ya malita 100, ya lamba, ku Turffontein. Magetsi pano ndi a prepaid, mita timagawana ndi mabanja ena awiri, ndipo pulagi yofika panja ndi imodzi yokha. Ndalamayi ndaisonkha movutikira, sindikufuna kugula chinthu chongodzakhala pakona. Ndithandizeni nzeru.

Ankolo Phiri (Malvern)

Mphwanga, takulandira. Za kompuresa ndisiyira amene amazidziwa kuposa ine. Ine ndilankhule za mapadi, chifukwa ndi zimene ndakalamba nazo kuno, kupolisha magalimoto a anthu ogulitsa mu Jules Street.

Padi yakoyo siyolakwa, ngakhale ikhale yotchipa. Ikugwira ntchito ya mapadi asanu ili yokhayokha. Taganizira zimene zimachitika pakati pa padi ndi penti. Polishi wodula ali ndi timchenga tosaoneka ndi maso, ndi mafuta otinyamula. Makina akamayenda, timchenga tija timapala clear coat (kachikuto koonekera kamene kali pamwamba pa penti) pang'onopang'ono, ndipo zopalidwazo sizipita kwina kulikonse. Zimalowa m'timabowo ta siponji pamodzi ndi mafuta ndi timchenga totha mphamvu. Pa boneti timabowo timakhala totseguka, n'chifukwa chake pamatuluka bwino. Pofika pa chitseko chachitatu tadzaza, ndiye ukungotikita zakale zomwezo pa penti. Ukaona kuti sizikudula umakanikiza, ukakanikiza kutentha kumakwera. Siponji yodzaza siyitulutsa kutentha, imafewa n'kuphwa pakati, ndipo guluu wogwira velcro amalekerera. Zonse zimene watchulazi gwero lake ndi limodzi.

Kukanikiza kumeneku ndimakuopa kwambiri. Clear coat ya galimoto yochokera ku fakitale imakhala ma micron 40 kapena 50 basi, pamene ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Magalimoto a Uber ambiri anadutsapo kale m'manja mwa opolisha ena, ena anapentedwanso chitseko atagundidwa. Padi yotentha ikaboola m'mphepete mwa chitseko, palibe polishi amene angabwezeretse. N'kukapenta basi, ndipo ndalama yake ituluka m'thumba mwako.

Ndiye usanagule china chilichonse, wonjezera mapadi. Odulira akhale asanu kapena asanu ndi imodzi, apakati atatu, omalizira awiri. Boneti padi yake, denga padi yake, mbali iliyonse mapadi awiri. Ikangoyamba kufunda, ichotse, ika ina, iyo ipume. Mapadi asanu osinthanasinthana amakhalitsa kuposa asanu ogwiritsa ntchito imodzi imodzi mpaka kufa, chifukwa palibe imene imafika potentha n'kuwonongeka.

Komanso padi imatsukidwa ntchito ili mkati, osadikira madzulo. Ukamaliza kachigawo kamodzi, tinene masentimita 50 uku ndi uku, zimitsa makina, atembenuze padi iyang'ane kumwamba, upese nkhope yake ndi burashi ya nayiloni kuchokera pakati kupita kunja. Uona zotuwa zikuyoyoka. Ngati burashi ulibe, kathawulo kakale koyera kamathandiza: kagwire m'dzanja, kanikiza padi pamenepo, makina ayende pa sipidi yotsikitsitsa kwa kanthawi kochepa. Koma choposa zonsezi ndi mpweya. Kamfuti kouzira kaja ukakapendeketsa pankhope ya padi, kamatulutsa zimene burashi siyifikako, ndipo kamaziziritsa siponji nthawi yomweyo. Kwa ine ntchito yeniyeni ya kompuresa pa wopolisha ndi imeneyi.

Polishi nayenso chepetsa. Padi yatsopano uipake pang'ono nkhope yonse kamodzi kokha. Kuchokera apo, timadontho titatu kapena tinayi tokula ngati njere ya chimanga n'tokwanira kachigawo kamodzi. Wochuluka sadula kwambiri, amangodzaza padi msanga.

Tsopano kachapidwe. Madzi a m'ketulo leka lero lomwe, ndi amene akumaliza guluu uja. Sopo waufa nayenso leka, sasungunuka yense, ndipo timibulu take timatsalira mkati mwa siponji. Ine ndimakhala ndi ndowa pambali panga ya madzi ofunda, oti dzanja likhalemo osamva kuwawa, ndi kasopo kochepa ka Sunlight wotsukira mbale. Padi ndikaichotsa pa makina n'kuzizira, ndimaiponya momwemo polishi asanaume. Akaumiramo ndiye ntchito imakula kawiri. Madzulo ndimatenga imodzi imodzi, kuitikita ndi zala zazikulu kuchokera pakati kupita m'mbali, madzi otuwa akutuluka, n'kutsukuluza mpaka madzi ayere ndipo thovu lithe. Pofinya, ikanikize pakati pa zikhatho ziwiri kapena mkati mwa thawulo. Osaipotokola ayi, kupotokola kumang'amba timabowo tija ndi kukoka velcro. Ena amaimata pa makina n'kuizunguza mkati mwa ndowa yopanda madzi kuti ikhe. Zimagwira, koma pa sipidi yotsika. Pa sipidi yapamwamba padi yonyowa imathothoka n'kuuluka.

Padenga la malata osayanikaponso. Dzuwa la kuno ndi lakuthwa, limaumitsa siponji mpaka kuyamba kunyenyeka. Koma choopsa kwambiri ndi fumbi. Iwe uli kummwera, pafupi ndi milu yachikasu ija ya mchenga wa m'migodi. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala ikayamba, mchenga umenewo umafika pena paliponse, ndipo kamchenga kamodzi kakabisala m'padi yomalizira kamalemba chitseko chonse cha galimoto yakuda. Ine ndinatola shelefu ya waya ya mufiriji yakale, ndinaikhazika pa njerwa ziwiri m'chipinda, pafupi ndi windo. Mapadi ndimawagoneka chafufumimba, nkhope pansi, velcro kumwamba, kuti madzi azitsika kuthawa guluu. M'chilimwe amauma usiku umodzi. Mu Juni ndi Julayi amatha kutenga masiku awiri, ndipo ichi ndi chifukwa china chokhalira ndi mapadi ambiri, poti padi yachinyezi imamwaza polishi ndipo ikatentha imaphwa msanga. Akauma gwa, asunge m'chigoba chotseka cha ayisikilimu, odulira paokha, omalizira paokha.

Pochotsa padi pa makina, lowetsa zala pakati pa velcro ndi mbale ya makina, osakoka siponji. Imene yayamba kumatukayo usaimate ndi guluu wa nsapato, idzathothoka makina ali pa penti. Idule ndi mpeni, tizidutswa take uzipakira mankhwala owalitsa matayala.

Za Quantum. Magalimoto ena oyera akale, ndi ambiri amene anapentedwanso motchipa, alibe clear coat. Penti wake akapsa ndi dzuwa amasanduka choko, ndipo padi imayera mbuu ukangodutsa kawiri. Amenewo amafuna padi ya ubweya kapena ya microfibre, chifukwa siponji imatsamwa nthawi yomweyo. Ya microfibre tiulusi take timagona n'kumatana, ndipo popanda mpweya wotidzutsa imasiya kudula. Poichapa usathire Sta-Soft kapena chofewetsa zovala chilichonse, chimakuta tiulusi. Ya ubweya sichapidwa pafupipafupi, imangopesedwa ndi kachitsulo kake kamano, osati sikuludiraiva.

Chomaliza, yang'ana zimene zili pa penti usanayatse makina. Vala kajumbo kopyapyala ka buledi kudzanja, usisite boneti yotsuka kale. Ukamva kukhakhala, ndi phula la mumsewu, fumbi la mabuleki ndi zomata za m'mitengo. Mu Okutobala ndi Novembala jakaranda akachita maluwa, galimoto yogona pansi pake imabwera itanata denga lonse. Dutsa kaye ndi clay bar, kadongo kofewa kochotsera zomatirira pa penti. Ukapanda kutero zonsezo zithera m'padi.

Wa ku Mangochi (Mayfair)

Achimwene a ku Ntcheu, ankolo amaliza za mapadi, ine sindiwonjezerapo. Ndimagwira ntchito yopenta magalimoto, kompuresa ndimakhala nayo tsiku lonse, ndiye mundimvere pang'ono musanatulutse ndalama.

Mnzanu wa ku Booysens sakunama kuti zida za mpweya n'zopepuka ndipo sizipsa. Koma muwafunse kuti kompuresa ya kuntchito kwawo ndi yaikulu bwanji. Mupeza kuti ndi ya three phase, magetsi amphamvu aja a m'mafakitale, thanki ya malita 300 kapena 500, itakhazikidwa m'kachipinda kake. Zimene zimatheka pamenepo sizingatheke pa pulagi imodzi ya kuseri kwa nyumba.

Malita 50 kapena 100 olembedwa pa thanki ndi posungira chabe. Chofunika ndi mpweya umene pampu imatulutsa pa mphindi imodzi. Apanso samalani, chifukwa pa bokosi amakonda kulemba nambala yaikulu, ya mpweya umene pisitoni imakoka. Yeniyeni ndi imene amati free air delivery, kapena FAD, ndipo imakhala yotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo. Ngati alemba mu CFM, chulukitsani ndi 28 kuti mupeze malita. Ka malita 50 ka mota ya 1.5 kW kamatulutsa malita 120 mpaka 140 pa mphindi. Makina a mpweya a DA, opalira kapena opolishira, a mbale ya masentimita 15, amadya malita 450 kapena kuzungulira pamenepo pa mphindi, pa 6.2 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya pa geji), osapuma.

Tiwerengere limodzi. Thanki ya malita 50 ikadzaza imaima pa 8 bar. Kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 6, pamene makina amayamba kufooka, imakupatsani mpweya wokwana malita 100. Makina akudya 450, pampu ikubweza 130. Masekondi 20 asanakwane makina ayamba kulira mofooka, inu mwaima kudikira, kompuresa ikubangula osalekeza mpaka mutu wake kutentha. Galimoto imodzi simungaimalize.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Johannesburg ili pamtunda wa mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala, mphamvu yake ndi 83 kPa pamene ku Durban ndi 101. Kwathu ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja, sitifika n'komwe mamita 500. Pisitoni ikakoka kamodzi kuno, imakoka mpweya wochepa ndi 17 kapena 18 pa 100 alionse poyerekeza ndi ku Durban. Ndi chifukwa chomwecho galimoto yopanda turbo imafooka ikakwera kuno kuchokera kugombe. Manambala a pa bokosi ndi a kugombe. Choncho 130 uja kuno ndi 107 kapena 108.

Kuti makina opolishira a mpweya ayende bwino mufunika kompuresa ya 4 kW kupita m'mwamba, ndipo zimenezo ndi za three phase. Pa pulagi ya m'nyumba ya 230 V ndi 16 A, malire a mota ya kompuresa ndi pafupifupi 2.2 kW. Yerekezerani ndi makina amagetsi ngati Rupes LHR15, amene amadya 500 W basi. Ntchito imodzimodzi, koma ya mpweya ikudyerani mayunitsi kuwirikiza kasanu ndi katatu, pa mita yogawana ndi anzanu. Mudana ndi aneba mwezi usanathe. Makina anu amagetsiwo asungeni, ndi amene akuyenera malo anu. Kompuresa igulidwe chifukwa cha kamfuti kouzira, ndipo mwina Tornador.

Mpweya wouzira mapadi uyenera kukhala wouma komanso wopanda oyilo. Mpweya ukapanikizidwa umatulutsa madzi, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Pansi pa thanki pali kampopi, muzikatsegula madzulo alionse. Gulani fyuluta yotchera madzi yokhala ndi geji, koma musaimange pakamwa pa kompuresa penipeni. Mpweya ukatuluka umakhala wotentha, madzi ali nthunzi, amadutsa fyuluta osagwidwa. Siyani payipi ya mamita asanu kapena kuposerapo kuti uzizire kaye. Kabotolo kothira oyilo mumzere kaja, kamene amagulitsa pamodzi ndi fyuluta, musakaike. Payipi imene yadutsamo oyilo imalavula oyilo mpaka kalekale, ndipo dontho limodzi pa padi kapena pa mpando wansalu ndi vuto. Payipi ikhale ya mamilimita 8 mkati, ya 10 ndiye bwino koposa. Zopiringizika zopyapyala zija zimatsamwitsa mpweya. Ndipo galimoto ikakhala patali, talikitsani payipi, osati chingwe cha magetsi. Chingwe chachitali chopyapyala chimagwetsa mphamvu, mota imangong'ung'udza osadzuka, mapeto ake capacitor, kachipangizo kothandiza mota kudzuka, kupsa.

Zatsopano mukhoza kukaziona ku Adendorff, ku Builders kapena ku Makro, n'kufunsa FAD pamaso. Koma pakati pa ziwiri mwatchulazo, ine ndikanapita kukaona ya lamba ija. Pampu ya lamba imayenda pang'onopang'ono, siyitentha msanga, ndipo imakonzeka. Mukapita, tengani foni muwerenge nthawi. Tulutsani mpweya wonse geji ifike pa 0, tsekani, yatsani, muone mphindi zimene itenge kufika pa 8 bar. Malita a thanki kuchulukitsa ndi 8, kugawa ndi mphindizo, ndiye mpweya umene ikutulutsadi. Tsegulani kampopi ka pansi muone chotuluka. Madzi ofiirira si nkhani, koma tizibenthu ta dzimbiri ndi chizindikiro choti thanki yadyeka mkati. Kokani kamphete ka safety valve, valavu yotulutsa mpweya ukachulukitsa mu thanki, mumve ngati ikupuma. Uzirani mpweya pa pepala loyera muone ngati pagwa oyilo. Mukaona paliponse pamene thanki inawotchereredwa kutseka bowo, tembenukani muzipita ngakhale atsitse mtengo bwanji. Thanki yotero imaphulika, ndipo imapha.

Nachisale (Randburg)

Moni achimwene. Ine ndisiyana nawo pang'ono a ku Mangochi pamene akuti "mwina Tornador". Kwa makasitomala anuwo si mwina ayi. Woyendetsa Uber amapolishitsa galimoto mwa kamodzikamodzi, koma mkati amafuna muyere sabata iliyonse, chifukwa okwera amadandaula za mipando yothimbirira ndi fungo, osati za timizere ta pa chitseko. Ine ntchito yanga ndi ya mkati mokhamokha, ndipo chida chimenechi ndi chimene chimandipezetsa lendi. M'njanji za mipando, m'timabowo totulukira mpweya pa dashibodi, m'misoko ya mipando momwe mumabisala nyenyeswa za chipisi ndi mchenga, burashi imatenga ola, icho chimatulutsa m'mphindi zochepa.

Chimagwira ntchito modukizadukiza, kuuzira pang'ono, kupukuta, kuuziranso, ndiye sichifuna mpweya wosalekeza ngati makina opolishira. Pa malita 50 chimayenda koma mudikira kawirikawiri. Pa 100 ya lamba chimayenda bwino. Zilipo za mitundu iwiri. China mkati mwa fanulo muli kapayipi kofewa kamene kamadzimenya m'mbali pozungulira, ndipo kamatha msanga mukapanda kutsuka fanuloyo. China, ngati Tornador Black, chimazungulira pa bearing ndipo sichifuna mpweya wamphamvu kwambiri. Ngati ndalama ilola, tengani cha bearing.

Koma dziwani kuti sichimeza fumbi, chimangolidzutsa. Vacuum ikhale m'dzanja linalo, zitseko zonse zotsegula. Kudenga la mkati musayandikize kapena kunyowetsa, nsalu yake inamatidwa ndi guluu wochepa, imalendewera. Pa wailesi ndi pa mabatani tsekani mankhwala, muuzire mpweya wokha, chapatali.

Ndipo chonde dzitetezeni. Chimalira mokweza kwambiri, mkati mwa galimoto ndiye phokoso limabwerera m'makutu. Zotseka m'makutu, magalasi ndi masiki n'zotchipa. Pouzira mapadi lozetsani mkati mwa katoni kapena ndowa, kutali ndi galimoto, apo ayi fumbi lonse la polishi libwerera pa penti yemwe mwangomaliza, lina m'chifuwa mwanu. Ndimaona anyamata akudziuzira fumbi pa malaya ndi m'tsitsi ndi kamfuti, ena mpaka kuseweretsana nako. Mpweya wa 8 bar si wosewera nawo, makamaka pabwalo pamene pali ana.

Za phokoso la kompuresa yeniyeniyo muganizirenso aneba. Zing'onozing'ono zopanda lamba zija zimasokosa kuposa za lamba.

Wa ku Ntcheu (Rosettenville)

Zikomo kwambiri ankolo, zikomo achimwene a ku Mangochi, zikomo achemwali. Mwanditsegula m'maso. Za makina opolishira a mpweya ndazisiya.

Ya malita 100 ija ndakaiona ku Turffontein. Mota ndi ya 2.2 kW. Kuchoka pa 0 kufika pa 8 bar yatenga mphindi zinayi ndi theka. Pansi patuluka madzi ofiirira opanda tizibenthu, powotcherera sindinaonepo, safety valve ikupuma. Pa pepala pagwa kadontho kamodzi kachikasu. Mwini wake akufuna R4,500. Kodi nditenge? Ndipo yotsalayo ndiyambire pati, mapadi kapena Tornador?

Ankolo Phiri (Malvern)

Mapadi, mphwanga. Kenako fyuluta, payipi yatsopano ndi kamfuti. Tornador idikire magalimoto angapo alipire okha, Nachisale sakhumudwa.

Nachisale (Randburg)

Sindikhumudwa ankolo, bola asaiwale. Kamfuti kokhako kayamba kale kumuthandiza m'njanji za mipando.

Wa ku Mangochi (Mayfair)

800 kugawa ndi 4.5 ikutipatsa malita 178 pa mphindi. Poti mwayezera kuno komwe, musachotserenso za kukwera kwa malo, nambala imeneyo ndi yanu. Pa kamfuti ndi Tornador ikukwana bwinobwino.

Kadontho ka oyilo kaja kangachokere kuwiri. Yang'anani kagalasi ka m'mbali mwa pampu. Ngati oyilo wapitirira kadontho kofiira ka pakati, anangothira wambiri, ndipo mukachepetsa zitha. Ngati ali pamlingo wake koma akutulukabe, ma ring a pisitoni ayamba kutha. Pamenepo muwauze atsitse mtengo, ndipo fyuluta yanu ikhale yogwira ndi oyilo yemwe, osati madzi okha.

Musanalipire bwererani mukayese chinthu chimodzi chimene sindinatchule. Ikadzaza n'kuzima yokha, mvetserani ngati pamveka kamluzu kakafupi ka mpweya pa switch. Ndi kavalavu kotulutsa mpweya wotsalira pamutu pa pampu kuti mota idzadzuke mopepuka. Kenako tulutsani mpweya mpaka iyake yokha. Ikadzuka nthawi yomweyo, ili bwino. Ikang'ung'udza kaye, pali vuto pa kavalavuko kapena pa capacitor, ndipo pa magetsi a kwanu idzavuta kuposa pamenepo.

Za magetsi mukambirane ndi aneba musanaibweretse. Mota ya 2.2 kW imakoka ma amp 12 kapena 13 ikamayenda, ndipo podzuka imakoka kuwirikiza kangapo. Ketulo imakoka pafupifupi 9. Mapulagi a m'nyumba zambiri kuno ali pa breaker ya 20 A, ndiye wina akayatsa ketulo kapena ayironi pa mzere womwewo kompuresa ikuyenda, magetsi atripa pa mzere wonsewo. Pezani kuti pulagi yapanjayo ili pa breaker iti, ndipo muziyatsa ndi kuzimitsa pa batani la kompuresa, osati pakhoma, chifukwa kuzimitsa pakhoma sikutulutsa mpweya wa pamutu uja.

Poinyamula pa bakkie, iime chilili, yomangidwa ndi chingwe. Mukaigoneka oyilo amalowa mu silinda ndi mu fyuluta ya mpweya. Mukafika nayo khuthulani oyilo wakaleyo, muthire wa kompuresa weniweni osati wa injini ya galimoto, mutsuke fyuluta yokokera mpweya, ndipo muikhazike posachepera masentimita 30 kuchokera kukhoma kuti fani ya pa gudumu la lamba izipeza mpweya woziziritsa pampu.